Matcheni a ku Booysens

Juni akalowa, bwana Moosajee amandituma kuseri
kukatsitsa zikwama zabuluu pashelefu ya pamwamba.
Chimodzi chimalemera ngati mwana wa mbuzi.
Ndikachikhutula pasimenti, ngwere-ngwere-ngwere,
shopu yonse imacheuka.

Ine Bizaliele wa ku Neno,
mphunzitsi wa chinthu chomwe sindinachipondepo.
Kutchalitchi timati chipale chofewa.
Mohau, mnzanga wopopa matayala, kwawo ku Lesotho amati lehloa.
Ine ndimangoti zoyerazo.

Lachisanu kunabwera bambo wa ndevu zofiira,
galimoto yake yaitali kundiposa.
Anati, "Yangayi imakoka ndi matayala onse anayi,
matcheni ndi a chiyaninso?"
Ndinati, "Kukoka amakoka, bwana,
koma potsika phiri akaterereka, amaterereka onse anayi,
sipatsala ndi limodzi loti ligwire anzake.
Komanso Mohau akuti patsinde mungapeze wa jekete lonyezimira.
Safunsa mtengo wa galimoto.
Amasuzumira kumbuyo, akaona mulibe matcheni
amazunguza chala m'mwamba: tembenukani."

Chala chimenecho ndimachidziwa.
Ndinachiona ku Beitbridge, kawiri.

Ndinamuyalira katoni yanga. Gwadani apa.
Phunzirani pano dzuwa likadali pakhosi,
kumtundako zala zimasanduka za munthu wina.
Yalani pansi kaye, asapiringizike.
Mbedza ziyang'ane kunja, zisalume labala.
Yambani yam'kati, kumene dzanja limaona lokha.
Anatukwana m'Chibunu, chikhadabo chitathyoka,
nayambanso.
Mukamanga yendani pang'ono, utali wa basi ziwiri,
muime, mumangenso, chifukwa tcheni imanama poyamba.
Osathamanga.
Mukafika patala vulani:
tala imadya tcheni, tcheni imadya tala.

Iye akulimbana ndi mbedza,
ine ndinali kwathu, Febuluwale wa chaka chija.
Zoyerazo kulibe kwathu, kuli matope ofiira
oterera ngati therere lothira soda.
Ambulansi inaima pamtsetse, ikulira, ikukumba.
Tinaponya nthambi, miyala, matumba a feteleza,
Wiskesi anavula malaya ake naponya pomwepo.
Nayonso inkakoka ndi matayala onse anayi.
M'katimo munali Elube, mlongo wanga,
mwezi wake utakwana.
Tinaitulutsa tambala woyamba atalira.

Bambo wandevu sindinamuuze zimenezo.
Ndinangoti, "Iyi mwasiya yokhwepa,"
ndikukoka ndi mphamvu zopitirira muyeso.
Anandiyang'ana, natenga zikwama ziwiri.

Lachiwiri anabwera, galimoto ili matope mpaka m'mawindo.
"Iwe," anatero, "chala chija ndachiona,
anabweza awiri patsogolo panga."
Anatsegula bokosi losungira mowa wozizira.
Pakati pa zitini panali chibuma, chotuwa m'mbali,
chokhala ndi udzu wa kuphiri.
"Ndakutengera."

Ndinachilandira ndi manja awiri, monga tinaleredwera.
Chinali chopepuka. Chinkaluma.
Mohau anaseka mpaka kugwira tayala,
akuti kwawo amachikankha ndi fosholo pakhomo, akunyinyirika.
Ndinafuna kujambulira Tinyade, mwana wa Elube,
amene amanditchula adadi,
koma foni inali m'thumba la ovololo
ndipo manja onse anali otanganidwa.
Mmene Mohau amaitulutsa
n'kuti chikudontha m'zigongono.

Pachithunzipo pali zikhatho zakuda ndi girizi,
kamadzi, ndi kaudzu kamodzi.
Tinyade anayankha madzulo: "Ndi chiyani chimenecho?"

Sindinayankhebe.
Matcheni ndinatsuka, ndinawerenga mphete zake,
imodzi inali itayamba kuyasama.
Ndinapaka oilo, ndinapachika pamsomali kuti aume.
Bwana Moosajee akuti peya imodzi ndi malipiro anga a sabata ziwiri.
Ndafunsa kale dalaivala wa basi ya ku Blantyre
kuti katundu wolemera chonchi amatchaja bwanji.